Masewera Oopsa Amene Wosewera Amasankha Mathero Ake

Awa ndi masewera a pa kompyuta ndi PlayStation amene nkhani yake imasintha malinga ndi zimene wosewera wasankha. Acinyamata a m'nkhanimo amakhala pa ngozi, ndipo wosewera ndiye amagamula ngati athawe, abisale kapena abwerere kukapulumutsa mnzao. Akasankha molakwa, wacinyamatayo amafa ndipo nkhani imapitirira popanda iye.

Odziwika kwambiri ndi Until Dawn, opangidwa ndi kampani ya Supermassive Games ya ku Guildford, England, amene anatuluka mu 2015. Muli acinyamata 8 osowa thandizo pa phiri usiku wonse. Kukamaca, onse angapulumuke kapena onse angafe. Mu 2022 kunatuluka The Quarry, a kampani yomweyo, momwe muli acinyamata 9 ndi mathero 186.

Ngakhale nkhani zake ndi za acinyamata, masewera awiriwa si a ana. Bungwe la PEGI la ku Ulaya linagamula kuti ndi a zaka 18 kupita m'tsogolo, kaamba ka nkhanza zimene zilimo. Makolo a ku Northrise mu Ndola ndi kwina konse ayenera kuona nambala ya zaka pa bokosi asanagulire mwana.