Mwala wa ku Kanyika ndi mkangano wa mabomba

Kanyika, m'dera la Inkosi Mabulabo kummwera kwa Mzimba, amatchuka ndi niobium, mwala wolimbitsira zitsulo. Koma kampani ya ku Australia imene inayamba kufufuza kumeneko inafika ikutchedwa Globe Uranium. Dzina loti Globe Metals & Mining linadza pambuyo. M'thanthwe lomwelo mulinso yureniyamu pang'ono, mwala umene ukangotchulidwa akazembe a mayiko akuluakulu amatchera khutu.

Amatero chifukwa cha mbiri yake. Yureniyamu wambiri amene America inapangira mabomba ake oyamba, kuphatikizapo limene linapsereza Hiroshima mu 1945, anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Congo. Palibe anatcha America dziko lachigawenga. Dzinalo analisungira ena. Mu 2002 pulezidenti wa America, George W. Bush, anaika Iraq, Iran ndi North Korea m'thumba limodzi, nawatcha gulu la zoipa. Mu Januwale 2003 anauza aphungu a kwawo kuti mtsogoleri wa Iraq, Saddam Hussein, ankafunafuna yureniyamu ku Africa. Pofika Malichi, bungwe loona za mphamvu ya atomu padziko lonse la IAEA linali litapeza kuti zikalata zonena kuti Iraq inkafuna yureniyamu ku Niger zinali zachinyengo. Nkhondo ya ku Iraq inayambabe mwezi womwewo, ndipo mabomba amene ankati Iraq ili nawo sanapezeke.

Mabomba enieni anali pafupi nafe. Boma la tsankho la South Africa, limene Kamuzu anakhazikitsa nalo ubale waukazembe mu 1967, linapanga mwakachetechete mabomba 6. F.W. de Klerk anadzaulula mu 1993, atawaphwasula kale.

Dziko la Malawi lakhala mwana womvera pa nkhaniyi. Linalowa pangano la NPT loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1986, linalowa IAEA mu 2006, linavomereza pangano la Pelindaba loti mu Africa musakhale zida zimenezi, ndipo mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga utatsegulidwa mu 2009, linakhazikitsa lamulo loona za mphamvu ya atomu mu 2011. Mgolo uliwonse wa yureniyamu wotuluka m'dziko uyenera kuwerengedwa ndi kudziwika kumene ukupita.

Zikanakhala bwino anthu akanawerengedwa mosamala chomwecho. Cha m'ma 2012 mabanja a ku Kanyika anauzidwa kuti asamutsidwa. Ambiri anasiya kukonza nyumba ndi kubzala mitengo, kudikira chipukutamisozi chimene chinachedwa zaka zambirimbiri, mpaka nkhani inakafika kukhoti. Chiphaso chokumbira chinatuluka mu 2021, mgwirizano wa kampani ndi boma mu 2023. M'mapangano a nyukiliya aja mulibe ndime yonena za denga lodontha la mlimi amene wauzidwa kuti asamange.

Mu 2022 Malawi linavomerezanso pangano lothetseratu zida za nyukiliya padziko lonse. Mwa mayiko 9 amene ali ndi mabombawo, palibe ndi limodzi lomwe limene lasayina.