Lamulo la mwana wa m'migodi

Tsiku limene mwana wanga wamkazi anabwera ndi kapepala kolembedwa PSEO, anangoti, "Amayi, chaka cha mawa ndizikaphunzira ku koleji." Sindinamumvetse, pakuti anali asanamalize sekondale. Kwathu ku Malawi umayamba walemba MSCE, n'kudikira zotsatira, n'kudikiranso dzina lako pa mndandanda wa osankhidwa. Kuno ku Minnesota ndinapeza kuti khomo la koleji limatsegukira mwana akadali m'giredi 11 kapena 12, ndipo phunziro limodzi limawerengedwa kawiri, pa satifiketi ya sekondale ndi pa digiri yomwe.

Mwambowu ndi wakale ndithu. University of Connecticut inayamba mu 1955 kulola aphunzitsi a sekondale kuphunzitsa makosi ake m'makalasi mwawo, ndipo Syracuse University inatsatira mu 1972 ndi Project Advance. Koma zimenezi zinkadalira kukoma mtima kwa yunivesite, ndipo zinkafika ku sukulu zimene yunivesiteyo yagwirizana nazo basi.

Minnesota ndiyo inasandutsa mwayiwu kukhala lamulo la chigawo chonse mu 1985, pansi pa bwanamkubwa Rudy Perpich. Munthu ameneyu amandikhudza mtima. Bambo ake anachokera ku Croatia n'kudzagwira ntchito m'migodi ya chitsulo ya Iron Range. Perpich anayambira pa kakoleji ka zaka ziwiri ku Hibbing, kenako n'kukhala dokotala wa mano. Ankadziwa mmene fizi imabwezera mwana wa mlendo pakhomo. Lamulo la PSEO limeneli linati boma lilipire fizi ndi mabuku, ndipo wosankha akhale mwana ndi makolo ake, osati ahedi.

Akuluakulu a sukulu ambiri sanakondwe, chifukwa mwana akapita ku koleji, gawo la ndalama za boma limamutsatira. Ine sindiwaweruza kwambiri. Sukulu yakumudzi ikataya ana khumi anzeru imamva kuwawa. Komabe mkanganowo unabala zabwino. Sukulu zinayamba kuitanira makosi a koleji m'makalasi mwawo kuti ana asachoke, ndipo University of Minnesota inatsegula College in the Schools. Chigawo cha Washington chinakhazikitsa pulogalamu yake, Running Start, mu 1990.

Chimene chimandiwawa n'chakuti fizi ndi yaulere koma uthenga sufika paliponse. Mwana amene makolo ake anaphunzira kuno amamva za PSEO pa chakudya chamadzulo. Wa mayi wogwira ntchito usiku kosamalira okalamba amamva mochedwa, ndiye palinso vuto la basi yopita ku koleji m'chisanu cha Januwale. Wanga ankakwera ziwiri.

Makolo anzanga a kuno, sukulu imafuna kudziwitsidwa pofika pa 30 Meyi kuti mwana akufuna kulowa PSEO. Mwana wanu akakhala m'giredi 10, pitani naye nokha kwa mlangizi wa pasukulupo mukafunse fomu ya PSEO mwezi wa Meyi usanakwane.