Tsaya Lamanzere pa Zithunzi Zakale za ku Ulaya

Kamera isanabwere, munthu wa ku Ulaya wofuna kuti adzukulu adzaone nkhope yake ankakhala pamaso pa mmisiri wa penti, ndipo kawirikawiri ankatembenuza mutu pang'ono n'kuonetsa tsaya lamanzere. Mu 1973, Chris McManus ndi Nicholas Humphrey anapenda zithunzi 1,474 zojambulidwa kuyambira zaka za m'ma 1500 kufika m'ma 1900, napeza kuti akazi 68 mwa 100 alionse anaonetsa tsaya limeneli, amuna 56. Muzu wa chizolowezichi, mmene ndikuonera, uli mu ubongo wa wojambulidwayo. Mitsempha yoyendetsa milomo ndi masaya imapingasana, kotero kumanzere kwa nkhope kumalamulidwa ndi mbali yakumanja ya ubongo, yomwe ili ndi gawo lalikulu pa chisoni, mantha ndi mkwiyo. Harold Sackeim ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 1978: ankadula chithunzi cha nkhope pakati, theka lililonse n'kulilumikiza ndi chifanizo chake chapagalasi. Nkhope yopangidwa ndi theka lamanzere lokhalokha ndiyo oyang'ana ankati ikuonetsa kwambiri za mumtima.

Ena amati nkhani ndi dzanja la mmisiri basi. Anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amagwiritsa ntchito dzanja lamanja, ndipo dzanjali silivutika kulemba nkhope yoyang'ana kumanzere kwa pepala. Mfundoyi njomveka, koma ikulephera kunena chifukwa chimene akazi anaposera amuna, chikhalirecho dzanja logwira bulashi ndi lomwelo. Chizolowezicho sichinathenso kamera itafika. Mu 1999 ku Australia, Michael Nicholls ndi anzake anauza anthu ena kuti akujambulitsa chithunzi chopatsa achibale, ena kuti aoneke ngati asayansi osatengeka mtima. Oyambawo ambiri anapereka tsaya lamanzere, enawo lamanja.

Nanga amanzere, kodi iwo zonse n'zotembenuka? Ayi. Chiyambire zaka za m'ma 1860, pamene Paul Broca ku Paris anaonetsa kuti kulankhula kumayendetsedwa ndi mbali yakumanzere ya ubongo, madokotala apeza kuti ngakhale mwa amanzere, pafupifupi 7 mwa 10 alionse ali chimodzimodzi. Chitsutso cholemera pa mfundo ya ubongoyi n'cha Paul Ekman, amene anati nkhope imapendekera kwambiri munthu akamwetulira mochita kupanga. Koma kukhala pamaso pa mmisiri n'kuchita kupanga komweko, choncho pa nkhani ya zithunzi mfundo yakeyi ikungotsimikiza kuti amene ankasankha tsaya lamanzere ndi wojambulidwa.