Za Kaundula wa Zinthu Zakale ku France

Mphunzitsi aliyense adziwa ntchito ya kaundula. M'mawa uliwonse amatsegula buku lija naitana maina a ana, ndipo mwana amene dzina lake mulibe m'bukumo sadziwika konse kwa akulu a maphunziro, ngakhale akhale pabenchi chaka chathunthu. Maboma nawonso ali ndi akaundula awo: ena a anthu, ena a minda, enanso a nyumba zakale ndi a zinthu zosungidwa m'nyumba zoonetseramo zakale, zimene ambiri azitchula kuti myuziyamu. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya kaundula wotere m'dziko la France, kuti tione m'mene adayambira, m'mene adalowera m'kompyuta, ndi chimene chidaoneka pamene adafunsidwa funso limene alembi ake sadaliyembekeze.

Kaundulayu adabadwa chifukwa cha kuononga. M'chaka cha 1789 anthu a ku France adaukira mafumu awo, ndipo Boma latsopano lidalanda chuma cha mpingo nkuyamba kuchigulitsa. Ku Cluny kudali tchalitchi chimene kwa zaka mazana angapo chidaposa matchalitchi onse a ku Ulaya pa kukula. Chidagulitsidwa mu 1798, ndipo ochigulawo adachisandutsa mgodi wa miyala, namachigumula kwa zaka zoposa 20, kotero kuti chotsala lero ndi kachigawo kochepa chabe. Bishopu wina, Henri Grégoire, adali atadandaula kale za kuononga kotere pamaso pa nyumba ya malamulo mu 1794, koma kudandaula kokha sikukadaletsa nyundo. Boma silikadatha kuteteza zinthu zimene silidali kuzidziwa maina ake kapena malo ake.

Tsono mu 1830 nduna François Guizot idakhazikitsa udindo wa woyendera nyumba zakale m'dziko lonse. Woyamba adali Ludovic Vitet, ndipo mu 1834 adalowa m'malo mwake Prosper Mérimée, mlembi wa nthano amene pambuyo pake adalemba Carmen. Munthuyu adayenda pa ngolo za akavalo chigawo ndi chigawo, kuona ndi maso ake ndi kulemba zimene adapeza. Atafika ku Vézelay adapeza tchalitchi chili ming'alu yokhayokha, timiyala tikugwa kuchokera kudenga iye ali momwemo. Mu 1837 akulu oyang'anira zigawo adalamulidwa kutumiza ku Paris maina a nyumba zakale za kwao, kuyambira zofunika koposa, pamodzi ndi ndalama zoyenera pozikonza. Kuchokera m'mayankho amenewa mudatuluka mndandanda woyamba wa 1840, wa zinthu zoposa 1,000. Chaka chomwecho ntchito yokonza tchalitchi cha ku Vézelay idapatsidwa kwa mmisiri wa zaka 26, Eugène Viollet-le-Duc, ndipo tchalitchicho chilipobe.

Tiyenera kuzindikira zinthu ziwiri za mndandanda umenewu. Choyamba, udalembedwa pofuna kugawa ndalama. Kulowamo kapena kusalowamo kudali ngati moyo kapena imfa ya nyumbayo. Chachiwiri, udaonetsa mtima wa oulemba. Adasankha mabwinja a Aroma, miyala yoimikidwa ndi anthu akalekale, matchalitchi ndi malinga a mafumu. Nyumba ya mlimi ndi chipala cha wosula sizidawerengedwe ngati mbiri.

Malamulo adadza pambuyo kudzalimbitsa kaundulayu. Loyamba lidali la 1887, ndipo la pa 31 Disembala 1913 lidapatsa Boma mphamvu yoteteza nyumba ngakhale mwini wake atakana. Mu 1964 nduna ya zachikhalidwe, André Malraux, pamodzi ndi katswiri wa mbiri ya luso André Chastel, adayambitsa kalembera wamkulu wofuna kulemba zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, kuyambira tchalitchi cha bishopu kufikira sipuni. Pamenepo mapepala ndi zithunzi zidachuluka kwambiri. Munthu wofuna kudziwa nyumba imodzi adali kuipeza msanga, pakuti mapepala adaikidwa monga mwa maina a malo; koma wofuna kudziwa milatho yonse ya zaka zakutizakuti m'dziko lonse adayenera kutsegula bokosi lililonse.

Vuto limeneli ndilo lidathetsedwa ndi kompyuta. Mu 1975 unduna wa zachikhalidwe udayamba kaundula wa m'kompyuta wa zinthu za m'nyumba zoonetseramo zakale, numutcha Joconde, dzina la Chifalansa la chithunzi cha Mona Lisa. Mu 1978 udayamba wina wa nyumba zakale, amene lero atchedwa Mérimée pokumbukira woyendera uja. Onse awiri adaikidwa pa intaneti mu 1995. Mu 2011 Boma lidatsegula nkhokwe ya akaundula ake, data.gouv.fr, kumene munthu aliyense angatenge mndandanda wathunthu wa nyumba zotetezedwa, zimene tsopano zaposa 45,000, ndi kuuika m'kompyuta yake.

Kaundula wotere, amene akatswiri amutcha database, sasiyana kwenikweni ndi wa kusukulu. Chinthu chilichonse chili ndi mzere wake ndi nambala yake, ndipo mzerewo wagawidwa m'mipata: dzina, mudzi, chigawo, zaka zimene chidamangidwa, mwini wake, tsiku limene chidatetezedwa. Mu 1970 Edgar Codd wa ku kampani ya IBM adafotokoza njira yolumikizira akaundula awiri kapena ambiri pogwiritsa ntchito mpata umene upezeka mwa onsewo, monga m'mene nambala ya mwana ingalumikizire kaundula wa maina ndi buku la mayeso. Pa maziko amenewa padamangidwa chinenero chofunsira chotchedwa SQL. Wofunsa amanena zinthu zitatu: kaundula amene akumufunsa, mizere imene afuna kuti isankhidwe, ndi chimene afuna kuti chionetsedwe kapena chiwerengedwe. Ntchito imene ikadatha miyezi ya alembi ambiri imatha munthu asanaike pansi chikho cha tiyi. Koma makinawo sadziwa kanthu kena koposa zimene munthu adalemba m'mipatamo.

Umboni wa mphamvu ndi kufooka kwa kaundula udaoneka pa nkhani ya zinthu za ku Africa. Mu Novembala 2017, polankhula ku Ouagadougou, Pulezidenti Emmanuel Macron adanena kuti afuna kuti zinthu zakale za Africa ziyambe kubwerera kwao. Adapempha anthu awiri ophunzira, Felwine Sarr wa ku Senegal ndi Bénédicte Savoy wa ku France, kuti afufuze. Awiriwa adatembenukira ku akaundula, makamaka wa nyumba ya Quai Branly ku Paris, imene idatsegulidwa mu 2006 ndipo ili ndi kaundula wakewake. Alembi akale adalemba dziko lochokera chinthu ndi chaka cholowera kuti aziyala bwino zinthu m'mashelefu. Sarr ndi Savoy adatenga mipata iwiri yomweyo nafunsa kuti: ndi zingati zidachokera m'dziko lililonse, ndipo ndi zingati zidalowa m'nthawi ya atsamunda? Lipoti lawo la Novembala 2018 lidati m'nyumba za Boma za ku France mudali zinthu pafupifupi 90,000 zochokera kumwera kwa chipululu cha Sahara. 70,000 zidali ku Quai Branly, ndipo mwa izo 46,000 zidalowa pakati pa 1885 ndi 1960. Dziko la Chad lokha lidali ndi zoposa 9,000. Zimene kale zidali madandaulo a pakamwa zidasanduka manambala oti nduna ziikirane patebulo.

Koma taonani mbali inayo. Mwa zinthu zija mudali mafano akuluakulu a mafumu a ku Dahomey, lina la mutu wa mkango loimira Mfumu Glélé, ndiponso zitseko zosemedwa za nyumba yachifumu. Nambala za mafanowo zidayamba ndi 71.1893.45, kusonyeza kuti adalowa m'chaka cha 1893, ndipo mpata wonena za m'mene adalowera udatchula mkulu wa asilikali Alfred Dodds ngati wopereka mphatso. Mawuwo sadali bodza, pakuti Dodds adaperekadi. Chimene kaundula sadafunse ndicho chakuti iye adazipeza bwanji. Adazitenga ku Abomey mu Novembala 1892, asilikali ake atagonjetsa Mfumu Béhanzin. Chomwecho munthu wofunsa kompyuta kuti imuonetse zinthu zolandidwa pankhondo akadatha kudumpha mizere imeneyi; wofunsa za mphatso akadaipeza nayamikira kuolowa manja kwa msilikaliyo. Choonadi chidadziwika chifukwa anthu adawerenga mbiri ya nkhondoyo, ndiponso chifukwa a ku Benin, kumene kuli Abomey lero, sadaiwale. Popeza nthawi imeneyo lamulo la France silidali kulola kuchotsa chinthu cholembedwa m'kaundula wa chuma cha dziko, padafunika lamulo lapadera mu Disembala 2020, ndipo zinthu 26 zidabwerera ku Benin mu Novembala 2021.

Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo nzoona. Koma mbiri iyi itiphunzitsa kuti wofunsa ayeneranso kudziwa amene akumufunsayo. Tisanakhulupirire nambala yotuluka m'kaundula, tiyambe tadziwa amene adamulemba, chifukwa chimene adamulembera, ndi tanthauzo limene adapatsa liwu lililonse. Mndandanda wa 1840 udapulumutsa Vézelay ndipo udasiya kunja nyumba ya mlimi. Kaundula wa ku Paris adasunga chaka cha 1893 mokhulupirika, nabisa nkhondo ya 1892 m'liwu limodzi.

Inu amene mukuphunzira uphunzitsi, tsiku lina mudzatuma ana anu kukalemba zakale za m'dera lanu: mabwinja, manda a mafumu, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ng'oma yosungidwa kwa nyakwawa. Musanawatume, khalani nawo pansi mugwirizane za mipata ya kaundula wanu. Pambali pa dzina, malo ndi chaka, muikeponso mipata iwiri: wonena amene wakuuzani, ndi wonena m'mene chinthucho chidafikira m'manja mwa amene ali nacho.