Mwera wa bambo anga ndi mwera wa kompyuta

Abale anga a m'gulupu muno, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene data yatsala pang'ono musadandaule, ndi mawu okhaokha, mulibe vidiyo.

Dzana wina anaponya muno chenjezo la a zanyengo, mnzathu wina n'kuyankha kuti, "Awa amangolota, kompyuta ingadziwe bwanji za mawa?" Funso limeneli landisowetsa tulo, chifukwa kwathu kudziwa za mawa inali nkhani ya moyo ndi imfa.

Bambo anga anali msodzi ku Mangochi. Madzulo asanakankhe bwato ankaima pamchenga n'kuyang'ana kumwera. Kukazizira mwachilendo, mafunde n'kumabwera ataliatali popanda mphepo, ankangoti, "Lero nyali sitiyatsa." Mwera, mpoto, vuma ankazidziwa ngati ana awo. Koma ndinene chilungamo, ankaphonya. Tsiku lina tinagona ndi njala nyanja ili bata usiku wonse, anzathu n'kubwerako ndi usipa wodzaza bwato. Tsiku linanso anaona ngati kuli bwino, n'kubwerera m'bandakucha opanda ukonde, atautaya kuti apulumuke.

Agogo ankakonda kukamba za 1946. Pa 30 July chaka chimenecho, m'nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inamira chakufupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. December wa chaka chomwecho Napolo anadutsa ku Zomba. Mu March 1991 anadutsanso ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi. Nthawi zonsezo anthu ambiri anadziwa madzi atafika kale pakhomo.

Tsono zolosera ndi masamu zinayamba bwanji? Mzungu wina wa ku England, Lewis Fry Richardson, anatulutsa buku mu 1922 lonena kuti mlengalenga mungagawidwe m'timabokosi, n'kuwerengera mphepo, kutentha ndi chinyezi cha bokosi lililonse. Anayesa yekha ndi pensulo kulosera maola 6 okha. Zinamutengera masabata, yankho lake n'kukhala lolakwika kotheratu. Iye anawerengera kuti pangafunike anthu 64,000 owerengetsa pamodzi kuti nyengo isawapitirire. Taganizani, holo yodzaza makalaliki! Mu 1950 kompyuta ya ENIAC ku America inalosera maola 24, koma nayonso inatha pafupifupi maola 24 ikuwerengera. Kenaka Edward Lorenz, cha m'ma 1960, anapeza chinthu chimene msodzi aliyense angavomereze: ukalakwitsa pang'ono chabe poyeza za lero, kulakwako kumakula tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ulosi wa mawa ndi wamphamvu, wa masiku asanu ndi wabwinoko, koma wa tsiku lenileni la mwezi wamawa ndi wongopenekera.

Ndifike pa Freddy, pakuti apa ndinaona ndi maso anga. Namondweyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya India. Anagunda Madagascar, kenaka Mozambique, n'kubwereranso m'nyanja, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 March. Masiku 36 ali moyo, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse linati sipanakhalepo namondwe wina wokhalitsa chotero m'kaundula wake. Makompyuta anamulondola ndithu. Nthambi yathu yoona za nyengo inachenjeza chigawo cha kummwera mvula isanayambe, pa wailesi ndi m'mafoni momwe. Ine ndinawerenga uthengawo ndili kuno ku Namiwawa, n'kunena mumtima kuti ndi chiperoni chachikulu chabe. Ndikuvomera, ndinapeputsa.

Mvula inagwa usana ndi usiku osapuma, magetsi zii. Kwa ife kuno linali vuto la matope pageti ndi mitengo yogwa. Koma pa 13 March phiri la Soche linagumukira nyumba za ku Chilobwe ndi Manja. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ena oposa 500 sanapezeke.

Ndiye kompyuta inalondola kapena inaphonya? Mwezi, sabata, chigawo, kukula kwa mvula, inalondola. Chimene sinanene ndi chakuti mbali iti ya phiri ndiyo igumuke. Makompyuta akuluakulu a ku Ulaya nthawi imeneyo ankagawa dziko m'mabokosi a makilomita pafupifupi 9. Namiwawa ndi Chilobwe angagwere m'bokosi limodzi kapena oyandikana, chonsecho wina anangonyowa nsapato, wina anataya banja lonse. Bokosilo silidziwa kuti mitengo ya pa Soche inatha ndi nkhwangwa, kapena kuti nyumba zinakwera mpaka m'khosi mwa phiri.

Zamoto wolusa n'chimodzimodzi. Satelayiti imaona moto ku Chikangawa kapena pa Mulanje, ndipo kompyuta ingauze kuti mu September ndi October udzu wauma, mphepo ikukankhira uku. Koma mnyamata wosaka mbewa amene ali ndi machesi m'thumba mulibe m'masamu amenewo.

Za kusintha kwa nyengo ndi nkhani ina, tisasakanize. Pamenepo safunsa kuti Lachiwiri kugwa mvula kapena ayi. Bambo sankadziwa tsiku la mwera, koma ankadziwa kuti June ndi July ndi miyezi yake. Syukuro Manabe ndi mnzake anawerengera mu 1967 kuti mpweya wa kaboni ukachuluka dziko litentha. Latenthadi, ndipo mu 2021 anamupatsa mphoto ya Nobel. Pa kutentha makompyuta amagwirizana. Pa mvula ya kwathu kuno ndi pamene amatsutsana, ena akuti ichepa, ena akuti izigwa yambiri pakanthawi kochepa. Ndipo nyanja yathu ili ndi mbiri yakeyake: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 inatsika moti Shire analeka kutuluka m'nyanja, pomwe mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Chaka chomwecho ng'amba ya El Niño, imene inaloseredwa miyezi ingapo m'mbuyo, inapsereza chimanga, ndipo mu March boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pamenepo ulosi unagunda penipeni.

Mng'ono wanga ndiye anatsala ndi bwato la bambo. Chenjezo la mwera likangotuluka ndimamutumizira nthawi yomweyo. Sabata yatha anandiyankha kuti, "Achimwene, ndaona, koma kuno kuli bata." Ndinamuimbira, tinakangana pang'ono za mafuta a injini amene anali atagula kale, mapeto ake sanapite. Mwera unafika cha m'ma 2 koloko usiku.