Anyamata a ku Kitwe amene anadzicha WITCH

Tsiku lina pa Ciwelu masana, pa pulogilamu yathu ya nyimbo zakale, tinaliza nyimbo yochedwa "Lazy Bones". Isanathe n'komwe, foni inalila. Anali mnyamata wa ku Chawama, ndipo anafunsa kuti: "Ba DJ, aba bazungu ni ba ku America olo ba ku UK?" Tinaseka, n'kumuuza kuti oimbawo ni anyamata a ku Kitwe. Koma titazima maikolofoni tinayanganana mwamanyazi. Nyimboyo nafenso tinaipeza pa intaneti, kucokela ku kampani ya ku Los Angeles. Pa shelefu ya wailesi yathu palibe ngakhale cimbale cimodzi ca gulu limeneli.

Gululo ni WITCH, ndipo m'zaka za m'ma 1970 panalibe gulu la rock m'Zambia muno limene linali kudzaza maholo kulipambana. Kuti timvetse mmene anyamata a m'komboni anafikila pamenepo, tifunika kuyambila ku mgodi.

Zambia inalandila ufulu pa 24 October 1964. Panthawiyo mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino, ndipo pa ndalama 100 zilizonse zimene dziko linali kupeza pogulitsa katundu kunja, zoposa 90 zinali za mkuwa. Anthu anali kukhamukila ku Kitwe, Chingola, Mufulira na Luanshya kucokela kumbali zonse: Abemba, Ansenga, Acewa, Atumbuka, Alozi, ena ocokela ku Malawi na ku Tanzania. Makampani a migodi anamanga nyumba, makilabu na maholo a zosangalatsa m'makomboni a anchito awo. Munthu akalandila malipilo pakutha kwa mwezi anali kutsalako na kangacepe kogulila wailesi, nsapato zabwino na tikiti ya dansi. Ana a m'nyumba zimenezo anakula akumvela The Beatles, The Rolling Stones na Jimi Hendrix, ndipo mu 1970 James Brown anabwela yekha kudzaimba m'dziko muno. Mnyamata aliyense amene anali na mnzake wokhala na gitala anayamba kulota za bendi.

Mmodzi wa anyamata amenewo anali Emmanuel Chanda, amene anakulila ku Kitwe. Anali kuvina na kuimba motengela Mick Jagger wa The Rolling Stones, cakuti anzake anam'patsa dzina la Jagger, limene pambuyo pake linakhala Jagari. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, akali mwana wa sukulu, analowa m'gulu lochedwa Kingston Market. Dzinali silinakhalitse. Anatenga liu lakuti footswitch, kacipangizo kamene woliza gitala amaponda na phazi kuti asinthe kamvekedwe, n'kulidula mpaka linatsala Witch. Tanthauzo lakuti We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti tabwela kudzacita cipwilikiti, linabwela pambuyo. Ganizilani makolo a masiku amenewo, anthu opemphela, kumva kuti mwana wawo aimba m'gulu lochedwa mfiti.

Gulu limene linachuka linali na a Jagari pa maikolofoni, a Chris Mbewe na a John Muma pa magitala, a Gedeon Mulenga pa besi na a Boyd Sinkala pa ng'oma. Poyamba anali kuimba nyimbo za eni ake, monga mmene magulu onse anali kucitila. Cimene cinawasiyanitsa n'cakuti anaganiza zojambula nyimbo zawozawo pamene m'dziko munalibe makina odindila malekodi. Cimbale cawo coyamba, Introduction, anacijambulila ku Chingola, mu situdiyo ya Malachite imene nchito yake yeniyeni inali yopanga mafilimu. Tepi yake inacita kupita ku Nairobi, ku Kenya, kuti ikadindidwe, ndipo malekodiwo atabwela anali kuwagulitsa okha kwa anthu obwela kumadansi awo. Mukamvetsela cimbaleco lelo mudzamva kuti zipangizo zinali zocepa: ng'oma zimveka monga zili m'cipinda cina, gitala ikhadzula. Koma kwa acinyamata a panthawiyo cinali cinthu cacilendo kugwila m'manja lekodi yokhala na nkhope za anyamata amene anali kukumana nawo pamsika.

Mbili yawo inakula maka-maka cifukwa ca zimene anali kucita pa siteji. Dansi ya WITCH inali kutenga maola ambili, kuyambila madzulo mpaka pakati pa usiku kupitilila. A Jagari sanali kuimilila malo amodzi. Anali kulumpha, kugubuduka, kulowa pakati pa anthu, ndipo amene anaonako anali kukafotokozela anzawo kusukulu na kumgodi m'mawa mwake. Kunalibe Facebook, kunalibe TikTok. Nkhani inali kuyenda pakamwa, pa sitima na pa basi, kucoka ku Copperbelt kupita ku Kabwe, Lusaka mpaka ku Livingstone.

Ndiyeno zinthu ziwili zinawakankhila patsogolo. Coyamba cinali malonda. Ku Ndola kunali Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, amene anayamba kutulutsa na kugulitsa nyimbo za oimba a kuno, ndipo kampani ya Teal inatsegula fakitale yodindila malekodi mumzinda womwewo. Caciwili cinali wailesi. Capakati pa zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda, amene nawonso anali okonda kuliza gitala, analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zolizidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'Zambia. Kumbukilani kuti panthawiyo wailesi inali imodzi cabe, ya boma, ndipo dziko linali pansi pa cipani cimodzi. Lamulo lotelo linalibe wolitsutsa. Oulutsa mawu anadzidzimuka atapeza kuti nyimbo za kuno zimene ali nazo n'zosakwanila kudzaza tsiku, conco aliyense amene anali na lekodi anapeza mpata.

WITCH inali yokonzeka. Mu 1974 anali atatulutsa kale In the Past, ndipo mu 1975 anatulutsa Lazy Bones!!, cimbale cimene anajambulila ku DB Studios mu Lusaka ndipo ambili amati ndiye cabwino kupambana zonse. Mu 1976 kunabwela Lukombo Vibes, mmene anayamba kutsamila kwambili ku kaombedwe ka ng'oma za kwathu na zinenelo zathu, monga m'nyimbo yochedwa "Nasauka". Mu 1977 anatulutsa cina cokhala na nyimbo ya "Janet". Zimbale zisanu m'zaka zocepa conco, m'dziko limene zaka zingapo kumbuyoko linalibe podindila lekodi.

Sanali okha. Kunali Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, kunali Amanaz imene inatulutsa cimbale ca Africa mu 1975, kunali The Peace na Blackfoot. Kuno ku Lusaka kunali a Paul Ngozi na Ngozi Family, amene anali kuimba m'Cinyanja ca m'tauni cimene tikamba ife, pa nkhani za m'komboni. Dzina la nyimbo zonsezi, Zamrock, anthu amati linacokela kwa a Mannasseh Phiri, amene anali kuulutsa mawu pa wailesi ndipo pambuyo pake anadziwika monga dokotala. Ife a pa wailesi timanyadila pamenepo.

Koma caka cimene Lazy Bones!! inatuluka ndiye cakanso cimene mtengo wa mkuwa unali utagwa pa msika wa dziko lonse, uku mtengo wa mafuta utakwela. Ndalama zakunja zinasowa. M'masitolo munayamba mizele ya sopo, saladi na unga. Munthu amene aimilila pamzele wa unga saganiza za tikiti ya dansi, ndipo zingwe za gitala na zokuzila mawu, zimene zonse zinali zoitanitsa kunja, zinakhala zovuta kupeza. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inawonjezela mavuto. Mu October 1978 ndeke za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kufupi na Lusaka, ndipo m'zaka zimenezo boma linali kuika malamulo oletsa kuyenda usiku na olamula kuzima magetsi. Gulu limene cakudya cake cinali dansi ya usiku linatsala na masana cabe.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 a Jagari anacoka m'gululo, n'kupita kukaphunzila ku Evelyn Hone College, ndipo anakhala mphunzitsi wa nyimbo. Otsalawo anatenga oimba atsopano, pakati pawo a Patrick Mwondela pa kiyibodi, n'kutembenukila ku disco. Anatulutsa Movin' On mu 1980 na Kuomboka mu 1984, ndipo posakhalitsa gululo linatha. Makilabu anapeza kuti kulipila DJ mmodzi n'kochipa kusiyana na kulipila anthu asanu na zipangizo zawo. Makaseti okopela anapha malonda a malekodi. Kalindula inatenga malo pa wailesi na m'mabala.

Cotsatila cinali cowawa kupambana zonse. AIDS inalowa m'dziko, ndipo mu 1987 a Kaunda anauza dziko lonse poyela kuti mwana wawo anamwalila na matendawo. M'badwo wa oimba a Zamrock unatha monga masamba a m'cilimwe. A Paul Ngozi anamwalila mu 1989. Pa anyamata amene anajambula Lazy Bones!!, a Jagari okha ndiwo ali moyo. Iwonso uphunzitsi unatha, ndipo kwa zaka zambili anali kukumba miyala yamtengo wapatali kuthengo kuti adyetse banja. Ife amene tinabadwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 na kuciyambi kwa m'ma 1990 tinakula osamvapo dzina lawo.

Amene anawakumbuka anali osonkhanitsa malekodi akale a ku Ulaya na ku America. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale za WITCH za m'ma 1970 pamodzi. Gio Arlotta wa ku Italy anabwela kudzafuna a Jagari, n'kupanga filimu ya moyo wawo imene inatuluka mu 2019. A Jagari na a Mwondela anayambanso kuimba pamodzi na oimba acinyamata a ku Ulaya, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndipo mu 2023 anatulutsa cimbale catsopano, Zango, cojambulidwa ku DB Studios komwe kuja. Sampa the Great aimbamo. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga cidutswa ca nyimbo ya Ngozi Family n'kuciika mu "Noid", ndipo acinyamata ambili a mu Lusaka anamva mawu a Paul Ngozi koyamba kupitila mwa woimba wa ku California.

Tikayangana mbili yonseyi, tiona kuti luso linalipo kuyambila paciyambi ndipo silinathe. A Jagari a mu 1975 na a Jagari okumba miyala anali munthu mmodzimodzi, na mawu amodzimodzi. Zimene zinabwela n'kupita ni holo yoimbilamo, omvela okhala na kandalama m'thumba, malo ojambulila na kudindila, komanso wailesi yofunitsitsa nyimbo za kuno. Zinayi zimenezi zitakumana, anyamata a m'komboni anachuka m'zaka zitatu cabe. Zitamwazikana, dziko linawaiwala m'zaka khumi.

Pa zinayizo, wailesi ndiye ili m'manja mwathu. Lelo palibe amene atikakamiza kuliza 95 pa 100, ndipo kukamba zoona, masiku ena pulogilamu yathu imatha nyimbo za ku Nigeria na ku South Africa zitaculuka kupambana za kuno. Acinyamata amabweletsa nyimbo zawo pa fulashi, ise n'kuzikopela mu kompyuta imodzi yakale imene ingafe tsiku lililonse, nthawi zina popanda ngakhale dzina la woimba. Pambuyo pa foni ija tinagwilizana zoyamba kulemba m'buku dzina la gulu, maina a oimba, komboni yawo na caka, na kusunga nyimbo iliyonse m'malo awili.

Inunso muli na mbali yanu. Mukapita kwa ambuye kapena kwa amalume amene anagwilako nchito ku migodi, afunseni ngati m'cikwama cakale kapena pansi pa bedi muli malekodi. Mukapeza ya WITCH, ya Amanaz olo ya Ngozi Family, musaisiye padzuwa ndipo musathamangile kuigulitsa kwa munthu woyamba amene wakuonetsani madola. Afunseni eni ake kuti anaigula kuti, anavina mu holo iti, anali na ndani usiku umenewo. Jambulani mayankho awo pa foni, mubwele nawo ku wailesi. Tidzawaulutsa pa Ciwelu masana.