Mizinga ya Valkiri ya dziko la South Africa

Valkiri ndi chida chankhondo choponya maroketi ambiri motsatizana, chomwe dziko la South Africa linapanga lokha panthawi ya ulamuliro wa tsankho.

Ntchito yopanga chidachi inayamba m'chaka cha 1977, chaka chomwe bungwe la United Nations linaletsa maiko onse kugulitsa zida zankhondo ku dzikolo. Izi zisanachitike, mu 1975, asilikali a South Africa anadzionera okha ku Angola momwe maroketi a BM-21 Grad, opangidwa ku Soviet Union, anabalalitsira gulu la FNLA pa Quifangondo, pafupi ndi mzinda wa Luanda.

Valkiri ili ndi mipope 24 yomangidwa pa galimoto ya mtundu wa Unimog. Roketi iliyonse ndi ya mamilimita 127 m'mimba mwake ndipo imafika mtunda wa makilomita pafupifupi 22.

Roketiyi ikangotuluka mu mpope, palibenso choiwongolera. Asilikali amayeza mtunda ndi mphepo, n'kulozetsa mipope asanaombere, kotero mphamvu ya chidachi yagona pa kuchuluka kwa maroketi ogwa pa dera limodzi, iliyonse ikumwaza timipira tachitsulo zikwizikwi. Chida chotere sichingasiyanitse msasa wa asilikali ndi mudzi woyandikana nawo.

Asilikali a South Africa anagwiritsa ntchito Valkiri pa nkhondo ya ku Cuito Cuanavale, m'dziko lomwelo la Angola, mu 1987 ndi 1988. Pambuyo pake dzikolo linapanga Bateleur, ya mipope 40, pa galimoto yaikulu ya Samil 100.